Mimba ya Fadila Inalibe Kanthu

"Mukakangotsegula pakamwa panupo ku holoko, alamu, mufuniretu wina wodzakusambitsani tsiku lanu. Ine ayi."

Awa anali a Adija, mlongo wawo wa malemu amuna anga, ataima pakhomo panga ku Boksburg manja ali m'chiuno ngati nyumbayo ndi yawo. Ndinawauza kuti asavutike, ndi kale lomwe amasambitsa maliro ngati akukwecha poto.

Ine ndi a Adijawo takhala tikusambitsa maliro a azimayi athu achisilamu kuno ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lamulo lake ndi limodzi: zomwe waona pathupi la munthu zimatayidwa pamodzi ndi madzi. Ndaona zipsera zosiyidwa ndi amuna omwe amakhala kutsogolo mu mzikiti, koma sindinanenepo kanthu, ine amene pakamwa panga pamadziwika mpaka ku Alberton.

Koma uyu anali Fadila, mkazi wa mwana wanga Osman. Miyendo inkamutupa, ndiye mnzake wa kuntchito anamutengera kwa mneneri wina wopempheretsa mu weyahausi, chinyumba chosungiramo katundu, ku Jet Park, pakati pa malole. Mneneriyo anati asale kudya masiku makumi anayi. Osati kusala kwathu kwa Ramadani koti dzuwa likalowa umadya, ayi, kusala kosalawa kanthu. Tsiku la makumi awiri ndi atatu anamubweretsa kunyumba atamunyamula, kuti asafere kwawoko. Mawa lake anatisiya. Anthu ena atatu anapita chimodzimodzi.

Osman anaimba foni ku Machinga kuti ndi shuga. Anachita manyazi kuti mkazi wa Msilamu wafera za kutchalitchi. Mneneri naye anauza anthu ake kuti onse anafawo anadya mobisa, Mulungu n'kukwiya. Ndiye mdzukulu wanga Saumu, mwana wa Fadila, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anakhulupirira. Anasamukira ku weyahausi komweko n'kuyamba kusala kwake, ati kupepesera tchimo la mayi ake. Bambo ake anapitako kawiri, anabwezedwa pageti.

Titamva kuti aphungu a nyumba ya malamulo akubwera ku holo kudzamva maganizo a anthu pa za imfazi, komanso ngati pakhale lamulo loyang'anira mipingo, Saumu anali pa tsiku lachisanu ndi chinayi. Osman anati ndisapite, adzatifunsa mapepala okhalira kuno. A Adija anati lamulo likabwera silidzasankha, lidzalowa ndi mu mzikiti momwe. Ndinawafunsa onse awiri kuti kodi nsanda ya Saumu adula kale? Ndinavala mpango wanga wa pa Idi n'kukakwera takisi.

Holo inadzaza. Anthu a mneneri anabwera pa mabasi awiri, onse zoyera, ndipo Saumu ndinamuona mzere wachitatu, milomo itang'ambika ngati dothi la mu Okutobala. Mneneri mwini wake sanabwere, anatuma loya. Loyayo analankhula Chingelezi chautali, ndipo mayi wina wa ku Ntcheu, dzina lake Dina, amene anamuika kuti azitanthauzira, anandinong'oneza kuti akuti palibe anakakamizidwa, omwe anafa anaphwanya okha malangizo.

Atanditchula dzina ndinapita kutsogolo. Ndinati ine ndine Kulusumu, kusukulu sindinapondeko, za malamulo afunse ena. Chomwe ndimadziwa ndi mimba ya munthu wakufa. Tikamasambitsa timayamba tamudzutsa pang'ono n'kusisita pamimba katatu, kuti zotsala zituluke apite ali woyera. Munthu amene anadya dzulo kapena dzana, ngakhale kachidutswa ka buledi, timadziwa. Dina anaima kaye, n'kundifunsa ngati anenedi zimenezo. Ndinati nena, mwana wanga, usachotsepo.

Apa sindinayang'anenso aphungu. Ndinatembenukira mzere wachitatu.

"Saumu, ndasambitsa azimayi oposa zana. Mayi ako nditawasisita, dzanja langa linakafika pamsana. Simunatuluke kanthu. Sanadye, mwana iwe. Anamvera zonse mpaka tsiku lomaliza, n'chimene chinawapha."

Loya anaimirira kuti ine si dokotala. Mayi amene amatsogolera aphunguwo, wamagalasi, anamuuza akhale pansi, n'kundifunsa kuti gogo, lamulo mukufuna likhale lotani? Ndinati munthu akafera m'manja mwa opemphera, asamakafunse mwini tchalitchi kuti wafa bwanji, azifunsa amene anagwira thupi. Ndipo ngati akufuna kudzayendera mzikiti wathu abwere ndithu, koma abwere nthawi ya futari, chakudya cha dzuwa litalowa pa Ramadani, adzaone kuti ife timasala n'kudya. Ena anaseka. Mayi wamagalasi uja analemba, ndinaona ndi maso angawa cholembera chikuyenda.

Potuluka sindinamuitane Saumu. Ndinkangoyenda pang'onopang'ono, mawondo anga ndi kale amafuna choncho. Ndikufika pa renki ya matakisi ndinamva wina wagwira mpango wanga kumbuyo. Anandifunsa kamodzi kokha kuti agogo, zoona? Ndinati unandimvapo liti ndikunama pa za maliro? Anakhala pansi pomwepo, zoyera zake zonse m'fumbi. Ndinamugulira mahewu, ndikumuletsa kuti asagugudize, amwe ngati mwana wakhanda. Anamaliza katoni yonse tisanafike kunyumba, pakati pake akulira.

Lamulo lija akuti akulembabe, sindikudziwa kuti lidzatha liti. Weyahausi ija pano muli matayala. Saumu ali kwa ine, wayambanso kudandaula kuti ndimathira mchere wambiri, ndiye kuti wachira.

A Adija anakandineneza kwa ashehe kuti ndaulula za m'chipinda chosambitsiramo maliro. Ashehe anati wamoyo ndiye amayamba, koma ndisazolowere. Ndinati sindizolowera, adzukulu anga ena onse ali ndi nzeru. A Adija atamva anati ndanena kuti ana awo ndiwo alibe nzeru, pomwe ine sindinatchule munthu.

Pano Osman salankhula nane, chifukwa ku Machinga anamva zonse pa foni ndipo apongozi ake akumufunsa kuti shuga uja anali wamtundu wanji. Saumu salankhula ndi mnzawo wa mayi ake uja. A Adija salankhula ndi Osman chifukwa sanandimange miyendo, ndipo ine sandilankhula kuyambira tsiku lomwelo. Lachiwiri lapitali tinasambitsira limodzi mayi wina wa ku Mangochi. Iwo ankathira madzi, ine ndikusisita, osapatsana ngakhale moni.