Batala sapakidwa ngati penti

Dzanja langa lamanja linali m'pulasitala sabata yachitatu pamene mwana wathu wamkazi anaimba foni kuti abwera Loweruka. Panali patatha zaka ziwiri asanaponde pakhomo pano, chichokereni tsiku lija anasiya koleji kuti akaphunzire kuwotcherera zitsulo, bambo ake n'kumuuza kuti akatuluka pageti asadzabwerenso. Pafonipo anapempha chinthu chimodzi chokha: timaphukusi ta nkhuku tija ndinkamuphikira ali wamng'ono.

Amuna anga ntchito yawo ndi yopenta nyumba, ndipo mawu akuti pepani pakamwa pawo satuluka. Akakuponda chala amafunsa kuti chalacho chimatani pansi. Geti lathu linathyoka miyezi isanu ndi itatu yapitayo, koma iwo amangolimanga ndi waya, ukawauza zoitana mmisiri akuti mawa. Munthu wotereyu ndinamuona Lachisanu akulowa ndi nkhuku, batala ndi paketi ya filo, mapepala a ufa aja opyapyala moti ukhoza kuonera dzuwa.

"Mayi, inu muzingolamula," anatero. "Manja akhala anga."

Loweruka m'mawa nkhuku anaitha bwino, ndisawanamizire. Anaiduladula tizidutswa, n'kuikazinga ndi anyezi, adyo, jinja, tsabola ndi sinamoni pang'ono, pomaliza kufinyirapo ndimu. Ndinawauza kuti aiike pambali izizire, chifukwa yotentha imabowola filo.

"Tsopano dulani mapepalawo m'timizere, mupake batala. Ndikasambe kaye, ndikabwera tikulunge."

Kusamba ndi dzanja limodzi, lina uli utalikulunga m'jumbo, si ntchito ya mphindi zisanu. Ndili kubafa komweko ndinakumbukira kuti sindinanene za kansalu konyowa. Filo safuna mphepo. Ukamusiya poyera amauma usanatembenuke.

Nditalowa m'khitchini ndinagwira pakamwa. Timizere ta filo tinali titayanikidwa pa tebulo, pa misana ya mipando, ngakhale pa chogwirira cha uvuni, ndipo zenera linali lotsekula kuti mphepo ilowe bwino. Amuna anga anali ataima pakati, kaburashi kali m'manja, akunyadira.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikudikira koti yoyamba iume. Zaka makumi atatu ndikupenta, sindinaonepo munthu akupaka yachiwiri pa yonyowa."

Ndinakhudza kamzere kamodzi, kanangoti nyenyenye ngati tsamba louma. Ndinaseka mpaka pulasitala kugwedezeka. Koma nditayang'ana nkhope yawo, kuseka kunandithera.

"Mwana wapempha chinthu chimodzi," anatero motsitsa mawu, "ndachiwononganso."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawakonda panthawi imeneyo kuposa tsiku limene anandifunsira. Ndinasuzumira m'paketi, munatsala mapepala anayi. Tinawafunditsa kansalu konyowa, n'kumatulutsa limodzilimodzi. Ine ndinkalamula, iwo akupinda: kasupuni ka nkhuku pakona, pindani uku, bwezani uko, mpaka kaphukusi katuluke ka makona atatu. Zala zawo zazikuluzo zinkang'amba pepala lililonse. Koma apa ndiye ntchito yawo inawathandiza. Pong'ambika paliponse ankatola chidutswa cha zouma zija, kuchimata ndi batala, n'kusalaza ndi burashi monga amachitira ndi mng'alu wa khoma. Tinapeza timaphukusi khumi ndi kamodzi, tonse tazigamba, n'kulowetsa mu uvuni.

Cha m'ma leveni tinamva waya wa pageti ukumasulidwa. Mwana analowa, anandikumbatira mosamala dzanja, kenako anapereka moni kwa bambo ake ngati akupereka kwa mlendo wa m'basi. Iwo anayankha akuyang'ana pansi. Tinakhala pa tebulo, aliyense n'kumatakasa tiyi wake. Ndinaona timabala takupsa kuseri kwa manja ake, ndipo ndinaona kuti bambo akenso atiwona.

Ndinakankhira mbale kwa iye. Ananyamula kaphukusi kamodzi, anakatembenuza, anayang'ana zigamba zija, anayang'ana pulasitala wanga. Ataluma, nyenyeswa zinagwera pa bulauzi.

"Amayi, manja awa si anu."

Anatembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, mwapaka makoti angati?"

"Awiri," anayankha iwo. "Atatu pamene panali ming'alu."

Mwana anaseka, koma maso anali atalengeza misozi. Anatenga kachiwiri. Amuna anga anakhosomola, anapukuta manja pa thalauza ngakhale anali oyera kale.

"Geti lija waliona?"

"Ndaliona. Mpaka kumanga ndi waya, Ababa? Osaitana wowotcherera bwanji?"

"Ndimadikira wanga," anatero.