Lamulo Lopanda Mchira

Foni ya Mrisho idalira Tausi ali mkati moviika chitumbuwa mu tiyi. Mawu amene adatuluka m'menemo sadafunenso kuti foniyo ifike kukhutu. Adadzaza kaofesi konse, mpaka Kheri, mwana wa Tausi amene adali m'tulo pamphasa kuseri kwa tebulo, adagwedeza kamwendo.

"Mrisho! Nsalu zanga zikutukwana anthu!"

"Pepani Bi Mwantumu, mwati nsalu zatani?"

"Ndati zikutukwana! Tsegula chinthu chako cha pa intaneticho uone wekha, ukatero uchitseke. Ndinayamba kugulitsa nsalu za khanga muno mu msika wa Kariakoo iwe usanamere mano, koma manyazi ngati a lero sindinawaonepo."

Foni idaduka.

Mrisho, mwini kaofesiko, adatembenukira kwa Tausi. Tsamba la pa intaneti la sitolo ya Bi Mwantumu ndiyo idali ntchito yokhayo imene Tausi ankayang'anira yekha. Iye adalowa muofesimo ngati wosesa ndi wophika tiyi, sukulu itamuthera panjira. Koma tsache linkachedwa nthawi zonse kumbuyo kwa mpando wa Mrisho, mwini wake akusuzumira pagalasi la kompyuta n'kumafunsa. Mrisho atatopa ndi mafunso adamukokera mpando, n'kuyamba kumuphunzitsa kulemba PHP, chilankhulo cha kompyuta chopangira masamba a pa intaneti. Tsiku lomupatsa tsamba la khanga adanena mosabisa kuti, "Amayi awa akakhala nafe, iwenso wakhala. Akachoka, tsache lako likadali pakona apo."

Tausi adapukuta zala pachitenje n'kutsegula tsambalo.

Khanga iliyonse imakhala ndi mawu ake m'mphepete, ndipo mzimayi sagula khanga asanawerenge mawuwo. Patsambapo, pansi pa chithunzi cha nsalu iliyonse pankalembedwa mawu ake. Tsopano nsalu yoyamba, yobiriwira ya maluwa oyera, inkati: "Ukundiyang'ana chiyani, kwanu kulibe galasi?" Yachiwiri, imene anthu amagulira wobereka kumene, inkanena zomwezo. Adatsitsa tsamba. Ya ukwati, ya maliro, yothokoza amayi, zonse zinkafunsa za galasi.

"Ngakhale ya maliro?" adatero Mrisho, atagwira mutu. "Munthu wafedwa, ife tikumufunsa ngati kwawo kulibe galasi?"

Mantha adalipo, koma chimene chidayamba kumugwira Tausi ndi kudabwa. M'mawa uja adakhudza nsalu imodzi yokha, yofiira ya nthenga za nkhanga imene idalibe mawu patsambapo. Nanga mawu a nsalu imodzi adayenda bwanji nyumba ndi nyumba ngati mphekesera? Adatsegula zenera lakuda lija amalembamo malamulo opita kunkhokwe, kumene zithunzi, mawu ndi mitengo ya nsalu zonse zimasungidwa. Lamulo lake la m'mawa lidali pomwepo. Adaliwerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Achimwene, taonani. Ndauza nkhokwe kuti isinthe mawu, koma sindinaiuze kuti a nsalu iti."

Mrisho adawerama. "Mchira uli kuti?"

Mchira ndi dzina limene adapatsa kachigawo komaliza ka lamulo, kamene kamaloza chinthu chimodzi pakati pa zambiri. Padalibe.

"Ndiye nkhokweyo siikanafunsa?" adatero Tausi. "Munthu ukamutuma kuti apake nyumba zonse za mu Ilala utoto umodzi, amayamba wafunsa ngati uli bwinobwino."

"Nkhokwe si azakhali ako. Imamva n'kuchita, basi. Ndipo iwe, bwanji sunayambe wayesa pankhokwe yoyeserera monga timachitira?"

"Kanali kanthu kakang'ono."

"Kakang'ono! Udalirira wekha kiyi wa nkhokwe yeniyeni, mayi a Kheri. Walira mvula walira matope. Koma tsoka lake, nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Wotukwanidwa pafoni ndine."

Mrisho adakhala pansi n'kutsegula kope la nkhokwe limene ankasunga padera. Mawu a nsalu zakale adabwerera m'malo mwake mosavuta, ndipo Tausi adapumako. Koma kopelo lidatengedwa katundu watsopano wa ku Mombasa asanafike. Nsalu zatsopano zonse, zimene anthu ankazifuna nyengo ya maukwati imeneyo, zidapitirizabe kufunsa za galasi.

"Tiwerenge pazithunzi," adatero Mrisho.

Adakulitsa chithunzi chimodzi, kenaka china. Nsalu zonse adazijambula zili zopinda, mawu ali mkati.

Tausi adayang'ana pakona pamene padali tsache. Adayimirira, adanyamula Kheri n'kumubereka, adalowetsa kompyuta m'chikwama.

"Ukupita kuti?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawu sanatayike, achimwene. Ali pansalu."

Bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, idamusiya pakona, njira yotsalayo adayenda wapansi, akuphapatiza pakati pa mawilibala ndi anthu osenza mabelo. Sitolo ya Bi Mwantumu idali yopapatiza, nsalu zitasanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake adakhala pampando wautali akudzikupiza ndi katoni. Patsogolo pake padayima mzimayi wina wojintcha, Bi Havijawa, foni ili m'manja ngati mwala wofuna kugenda nawo.

"Ameneyu ndi wa kwa Mrisho," adatero Bi Mwantumu. "Muuzeni yekha amve."

Bi Havijawa sadadikire kupemphedwa kawiri. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa Loweruka. Iye adasankha khanga yabwino yoti apatse mayi a mkamwini wake, ndipo m'mawa umenewo adawatumizira tsamba la nsaluyo pafoni, ndi uthenga wakuti, "Asewere, nsalu iyi ikunena zimene zili mumtima mwanga."

"Zimene zili mumtima mwanga!" adabwereza, akugunda pachifuwa. "Atsegula, apeza ndikuwafunsa ngati kwawo kulibe galasi. Mzimayi woti diso lake limodzi n'lolowa pang'ono! Ndaimba, sakuyankha. Ukwati wa mwana wanga uthere pansalu?"

"Ine ndikumudziwa wachita izi," adatero Bi Mwantumu, akuloza ndi mlomo sitolo ya tsidya la msewu. "Uyo. Chiyambireni kugulitsa pa intaneti, moni wake ndi wa m'mphuno. Walipira anyamata kuti alowe m'chinthumo."

Tausi adayang'ana tsidya la msewu. Mzimayi wa sitoloyo ankadya chinangwa chootcha, osadziwa kanthu. Kukhala chete kukadakhala kophweka, koma mawa lake m'Kariakoo mukadabuka nkhondo ya zaka.

"Si iwowo, amayi. Ndine."

Katoni idasiya kukupiza.

"Iwe? Ndinakulakwira chiyani, mwana iwe?"

"Palibe. Ndimalemba mawu a nsalu imodzi, ndiye anapita pa zonse."

Tausi adayembekezera mkuntho. Koma Bi Mwantumu adatsinzina diso limodzi, n'kumuyang'ana monga ankayang'anira nsalu yokayikitsa.

"Usandinamize. Nsalu zonsezi, m'mawa umodzi? Uja anandilembera chikwangwani chapanjachi anatha sabata, mawu ake atatu okha. Iwe masamba onse aja unawalemba nthawi yanji, mwana ali kumsana?"

"Masamba si ambiri, amayi. Tsamba ndi limodzi."

"Limodzi bwanji? Ndimatsegula ndekha, nsalu iliyonse ili ndi pake."

Tausi adayika kompyuta pamwamba pa belo. Funso limenelo ndi lomwe lidamuchedwetsa ndi tsache kumbuyo kwa Mrisho, ndipo ngakhale tsiku loipa chotero, adamva kukoma kuliyankha.

"Kauntala yanuyi ndi imodzi, si choncho? Munthu akati ndikufuna yobiriwira, mumalowa kumbuyo, mumatenga, mumayala apa. Wina akati yofiira, kauntala ndi yomweyi, chasintha ndi nsalu. Tsamba nalonso ndi kauntala yopanda kanthu. Munthu akadina pafoni yake, kompyuta yaikulu imene timaitcha seva imathamangira kunkhokwe, imatenga chithunzi, mawu ndi mtengo, n'kumuyalira nthawi yomweyo. Akachoka, imachotsa."

"Ndiye usiku, anthu akagona, patsambapo pamakhala chiyani?"

"Palibe. Pamayalidwa pokhapokha wina akafunsa."

"Ha!" Bi Mwantumu adayang'ana foni yake ngati wapeza kuti m'nyumba mwake mumagona mlendo amene sankamudziwa. "Ndiye iwe unalowa kumbuyo kuja n'kumata kapepala kamodzimodzi pansalu zonse."

"Ndinatuma wantchito womvera kwambiri, osamuuza kuti nsalu iti."

"Mukuphunzitsana sukulu ine ukwati ukupsa?" adalowerera Bi Havijawa.

"Nsalu munasankhayo ili kuti?" adafunsa Tausi.

Bi Mwantumu adaitulutsa pansi pa kauntala, yachikasu ya masamba akuda. Adagwira uku, Tausi uku, n'kuitambasula. M'mphepete mwake mudalembedwa kuti: "Wobereka mkamwini wandiberekera mwana."

Tausi adakhala pabelo, Kheri akumukoka ndolo, n'kulemba lamulo. Atafika kumapeto adayima, adapeza nambala ya nsaluyo, adayika mchira. Adawerenga kuyambira kumutu mpaka kumchira, kenaka adadina.

"Tsegulaninso pafoni yanuyo, amayi."

Bi Havijawa adakhudza foni ndi chala chonenepa. Galasi lija lidasowa, m'malo mwake mudabwera mkamwini. Adatembenuza foniyo kuyang'ana kumbuyo kwake.

"Walowamo bwanji m'foni mwanga, uli apo?"

"Sindinalowemo. Foni yanu yapita kukafunsa kunkhokwe, yapeza mawu atsopano. Ya asewere anunso ikafunsa ipeza omwewa."

Bi Havijawa adajambula nsalu yotambasulayo, mawu akuoneka bwino, n'kutumiza. Kenaka adaimba. Foni idalira nthawi yaitali. Potsiriza idayankhidwa.

"Asewere, musadule! Tsegulaninso tsamba lija, muonenso chithunzi ndatumizacho. Ndi makina anasokonekera. Mtsikana wake ndi uyu ali pano, mukafuna ndimugwire mudzamumenye nokha."

M'fonimo mudamveka mawu aulesi, a munthu amene walira ndipo watopa nako.

"Ndaona. Iyi ndiye nsalu. Koma asewere, ija ya galasi ija, ilipodi kapena anangopeka?"

"Ilipo, yofiira ya nthenga za nkhanga," adayankha Bi Mwantumu mokweza.

"Mundisungire. Pali wina pano timayanika zovala pachingwe chimodzi."

Bi Havijawa adaseka mpaka adakhala pansi pabelo, misozi ikutsika. Adatuluka m'sitolomo nsalu ziwiri zili kukhwapa, koma pakhomo adatembenuka n'kuloza Tausi. "Iwe, Loweruka usayandikire kompyuta."

Atatsala awiri, Bi Mwantumu adayambanso kudzikupiza. Nkhope yake idali isanamasuke.

"Ndinati Mrisho atseke chinthuchi."

"Munatero, amayi."

"Lero wandiyambanitsa ndi mmodzi. Mawa ukadzaiwalanso kamchira kakoko pamitengo, ndidzagulitsa sitolo yonse pamtengo wa mpango."

Tausi sadatsutse, chifukwa zidali zoona. Koma chiyambire m'bajaji muja, mutu wake udali ukusoka kanthu kena.

"Ndikhoza kukupangirani katsamba kanu kakumbuyo, kotsegula inu nokha. Mudina nsalu imodzi, mulemba mawu ake, musunga. Mchira uzidziyika wokha, chifukwa katsambako kazidziwa nsalu imene mwagwira. Ngakhale ine ndizidzera momwemo."

"Ine ndizilemba ndekha? Osadikira inu mpaka mawa?"

"Nokha, muli pampando womwewo."

Bi Mwantumu adaganiza. Adatenga foni n'kuimbira Mrisho, maso ali pa Tausi.

"Usatseke kaye. Mtsikana wakoyu akuti andipangira kauntala yakumbuyo. Ikakhala bwino, tipitiriza. Ikapanda kutero, nonse awiri mudzabwere mudzandithandize kupinda nsalu."

"Zikomo amayi," adatero Mrisho. "Mumuuze kuti akamaliza lero, kiyi wa nkhokwe yeniyeni abweze. Adzamuonanso katsambako kakatha."

Tausi adamva, ndipo sadadandaule. Adamasula Kheri n'kumukhazika pamulu wa nsalu zakale, adamupatsa katoni kuti azisewera nayo. Katundu wa ku Mombasa adali mulu wofika m'chiuno, ndipo nsalu iliyonse inkafunika kutambasulidwa, kuwerengedwa, kulembedwa, n'kupindidwanso.

Bi Mwantumu adatsika pampando wake wautali, adavala magalasi, adatambasula yoyamba.

"Lemba. 'Chikondi si ndiwo zoti n'kupempha kwa aneba.'"

Zala za Tausi zidayenda pamabatani. Atatsala pang'ono kudina, dzanja lolemera la zibangili lidagwira mkono wake. Bi Mwantumu adali atawerama paphewa pake, akusuzumira pazenera lakuda lija, monga momwe Tausi ankachitira ndi tsache kumbuyo kwa Mrisho.

"Dikira. Mchira ndi uti pamenepa?"

Tausi adaloza.

"Chabwino," adatero mayiyo, n'kusiya mkono. "Dina."