Mbale Zinabwerera ku Kasisi Zosavundukula

"Awe mwandi, uyu mwamuna ni chigawenga chabe," anatero Jenala akukankhira buku pakati pa tebulo. "Watentha munzi wa atate ake a mtsikana, mtsikanayo wamutsekela m'ndende, manje kumapeto ati ni chikondi?"

"Ndiye pamene pali kukoma!" anayankha Doris. "Chikondi chosayamba na nkhondo ni tiyi yopanda shuga."

Linali Loweruka masana pakhonde la nyumba ya Doris ku Silverest, pomwe kagulu kawo ka owerenga mabuku kankakumana. Doris ankagwira ntchito mu ofesi ya boma ku Lusaka, ndipo m'minibasi anzake akamawodzera iye maso ankakhala m'buku. Mabuku ake anali a mtundu umodzi basi: maiko a zinjoka zouluka ndi mafumu a malupanga, momwe mwamuna ndi mkazi amayamba ndi udani wofuna kuphana kenako n'kukondana. Mwini wake anakwatiwa ndi munthu wofatsa wongokonda kuonera mpira, koma pa nkhani za chikondi Doris ankalankhula ngati anapitira kusukulu.

Pambali panakhala Cindy, mng'ono wake amene ankakhala naye pakhomopo. Cindy ankameza mawu onse a mkulu wake osatafuna. Loweruka lotsatira, abale a Bornwell, mnyamata wolima matimati ku Kasisi, anali kudzabweretsa mbale zomufunsira ukwati.

"Nanga Bornwell wako aganiza bwanji za buku yathu?" anafunsa Jenala.

"Ninamubweleka ija yoyamba," anatero Cindy. "Ati azawelenga akasiliza kuthilila matimati."

Onse anafa ndi phwete.

"Mwaona?" anatero Doris. "Ni munthu wabwino, sinikana. Koma anakuvutikilapo liti, iwe Cindy? Anakufunsila, iwe pamene apo ee. Mwamuna afunika kuyesedwa. Ukamukana, ngati akukonda zoona, azabwela na moto. Ine nikanakhala iwe, mbale zoyamba nikanabweza, tione ngati ali na magazi."

"Ba Doris, va m'mabuku visiyeni m'mabuku," anachenjeza Jenala.

Kunena zoona, Doris anangolankhula kuti apambane mkangano. Pomwe ankatsuka makapu anali ataiwala kale. Cindy sanaiwale.

Tsikulo litafika, a Norbert, amalume awo a atsikanawo, anabwera kuchokera ku boma la Chongwe kudzalandira alendo. Kwa Bornwell kunabwera amalume ake, a Lazarous, amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Katete. Anavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo. Anagwada, nawomba m'manja, naika pansi mbale ziwiri zovundikirana zokulungidwa m'chitenje. Mwambo wake ndi wosavuta: mtsikana akavundukula mbale ndiye kuti walola.

"Cindy," anaitana a Norbert, "aba alendo ubaziba?"

Cindy anayang'ana mkulu wake, kankhope kakumwetulira mobisa.

"Sinibaziba."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi manyazi a atsikana. A Norbert anafunsanso, uku akumutsinzinira diso. Cindy anatambasula dzanja nakankhira mbale zija kwa alendo ndi nsonga za zala.

Doris anazindikira kuti mawu ake omwe anali atamubwerera atavala nsapato. Akanatha kuimirira n'kunena kuti mwanayu akuseleula, koma anachita manyazi pamaso pa akulu. A Lazarous anamanganso mfundo ya chitenje mosafulumira.

"Tasokela khomo, mutikhululukile," anatero. Anatuluka osalawa ngakhale madzi, ndipo nkhuku imene Doris anaphika kuyambira m'mawa inazizirira mumphika.

A Norbert anakalipa mpaka mawu anawathera, nalumbira kuti nkhope yawo saipereka kawiri. Koma Cindy sanatekeseke. Ankadzola mafuta, navala bwino, nakhala pakhonde foni ili m'manja. Njinga yamoto ikalira mumsewu ankadzambatuka. Ankadikira kuti Bornwell abwera atafiira maso, agogoda geti ngati aligwetsa, amufunsa kuti wamuchitiranji zotere. Masiku anapita, geti osagogodedwa, foni osalira.

"Ba sisi, nanga achedwa chani?"

"Akali kusonkha moto," anayankha Doris, koma iye mwini sanakhulupirire.

Loweruka lina m'mawa Doris anakwera minibasi kupita ku Kasisi. Bornwell anamupeza kudimba akumangirira matimati ku timitengo. Mnyamatayo anapukuta manja pa buluku, namupatsa kreti yoti akhalepo, namupatsa moni mwaulemu ngati palibe chinachitika. Ulemu umenewo ndi umene unamupweteka Doris koposa.

"Bornwell, Cindy akukonda. Vija vinali chabe vokuyesa. Ine ndine ninamuuza kuti mwamuna ukamukana—"

"Niziba, ba mulamu. Buku ninaiwelenga."



"Ninafuna kuziba chamene chimamuseketsa Cindy akakhala yekha," anapitiriza Bornwell akudula kachingwe. "Chizungu chake chinanivuta, koma ninalimbikila. Ni buku yabwino, aja manjoka ninawakonda. Koma uja mwamuna amene mumukonda imwe, ine sininamumvetse. Amutukwana mkazi pa anthu, amupweteka, ndiye mukuti ni chikondi chobisika. Ine sininatenthepo munzi wa munthu."

"Ni nthano chabe, Bornwell."

"Kwa amalume sinali nthano. Jekete ija anachita kubweleka. Anapita kumunzi na mbale zosavundukula, ndipo amai analila pamaso pa anthu amene anawauza kale kuti mpongozi abwela. Manje niwauze kuti bwelaninso, paja anali kukuyesani chabe?"

Doris anayang'ana pansi.

"Tingabwele ise kuzapepesa. Nizagwada ine."

"Kupepesa mungapepese, amalume ni munthu wa chifundo. Koma si paja chabe." Bornwell anamangirira tsinde lina ku kamtengo. "Mukumbukila m'buku muja muli kamnyamata kosunga mahachi? Kamene kamamutungila mtsikana madzi, kamubisa adani akabwela?"

Doris anakwinya nkhope kuyesa kukumbukira. Bukulo analiwerenga katatu, koma dzina la wosunga mahachi silinamubwerere.

"Mwaona," anatero Bornwell akumwetulira pang'ono. "Anamukonda mtsikana kuyambila tsamba loyamba, sanamukalipilepo. Pakati pa buku mnyamatayo analasidwa na mkondo, mtsikana sanalile, tsamba lotsatila ali kale m'manja mwa uja wotentha minzi. Pamene apo ninaziona nekha. Ngati Cindy afuna munthu wolimbana naye, ine nizamugwilitsa mwala masiku onse. Sinikwanisa kudana na munthu amene nimukonda."

Analowa m'kanyumba kosungira mapaipi natuluka ndi buku lija, atalikulunga bwinobwino m'pepala lapulasitiki kuti lisade. Anawonjezapo thumba la matimati akupsa, nati n'za ana kunyumba. Doris anafuna kukana, koma analandira ndi manja awiri.

M'minibasi pobwerera, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, Doris anakhala ndi buku pamiyendo osaliwerenga. Foni inkalira kosalekeza: a kagulu kaja anali kutsutsana za buku loti awerenge mwezi wamawa, wina akuti akufuna la mwamuna wankhanza kuposa uja. Doris anaizimitsa. Anaganiza za mwamuna wake, amene m'mawa uliwonse ankamuperekeza pokwerera minibasi atamunyamulira chikwama, iye osamuyang'ana n'komwe chifukwa maso ali m'buku. Anamva chisoni chachikulu, ndipo panalibe wina woti amuloze chala.

Cindy anamuchingamira pageti, atavala diresi lake labwino.

"Mwamuona? Akamba chani? Anakalipa?"

"Iyayi," anatero Doris. "Sanakalipe."

"Olo pang'ono?"

Doris anapukusa mutu namupatsira buku. Cindy analitulutsa m'pulasitiki mwachangu, naligwedeza kuti mwina mugwa uthenga. Simunagwe kanthu. Pakati penipeni pa buku panali kachingwe komangira matimati, posonyeza pamene Bornwell analekezera.

"Sanasilize," anatero Cindy. "Ba sisi, sanafike na pamene akondana."

"Anafika pamene panamukwanila."

Cindy anatsegula pa kachingwe paja nayamba kuwerenga ali chiimire. Atafika kumunsi kwa tsamba anakhala pansi pafumbi, diresi labwinolo osalilabadira, nabwereranso pamwamba pa tsamba lomwelo.