Tsiku Limene Ambrose Tandy Anaimirira Msanga

Nkhani iyi ndinaitola kwa Mayi Dorcas Haskew, eni nyumba ya alendo yoyang'anizana ndi bwalo la milandu, m'boma lina la ku Virginia kumene mvula inanditsekera. Ine ndinkamata mapoto awo, iwo akusenda mbatata, ndipo pakamwa pawo sipankauma.

Ankanena za Ambrose Tandy. Bwanayu anali ndi minda ya fodya yokafika kumtsinje, akapolo ochuluka oti ena sankawadziwa mayina, ndipo anali loya woti akaimirira m'bwalo ngakhale oweruza ankakhala bwinobwino pamipando. Kwa zaka zambiri anthu a bomalo ankamutumiza ku nyumba ya malamulo ku Williamsburg. Mfumu ya ku Mangalande itayamba kuunjika misonkho, iye ndiye anali woyamba kukana. Anasiya tiyi wochokera ku Mangalande, navala nsalu yolukidwa pakhomo, yokanda ngati chiguduli. Koma nkhani itafika poti tisiyane nayo mfumuyo mpaka kalekale, Tandy anabwerera m'mbuyo.

"Ndinalumbira nditagwira Baibulo kuti ndidzamvera mfumu," ankatero. "Kukangana ndi bambo ako ndi kwina, kuwakana ndi kwina."

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Fielding, amene mayi ake anamwalira iye akuyamwa. Anamulera yekha, namuphunzitsa malamulo patebulo la chakudya. Atakula anamudulira munda, chifukwa kuno munthu wopanda malo savota.

Chaka chimene nkhondo yolimbana ndi mfumuyo inakula, Tandy anapikisana ndi Kaputeni Rawleigh Pruett, mwini chigayo, amene ankatsogolera asilikali a m'bomalo ndipo za mfumu sankafuna kuzimvanso. Fielding anali atalowa m'gulu la Pruett, koma bambo ake ankati ndi chinyamata chabe, zitha.

Tsiku la chisankho anatulutsa tebulo lalitali panja pa bwalo. Pakati panakhala woyang'anira chisankho, Tandy mbali ino, Pruett mbali inayo. Pansi pa mitengo panali migolo ya kachasu wa nzimbe ndi ng'ombe yowotcha, aliyense wa awiriwo atagulira anthu ake. Munthu akaitanidwa dzina ankabwera kutsogolo n'kutchula mokweza amene akumufuna, anthu onse akumva. Wotchulidwayo ankaimirira, kuvula chipewa, n'kuthokoza.

"A Gatewood, mukuvotera yani?"

"Bwana Tandy."

Tandy anaimirira, chipewa m'manja. "Zikomo, a Gatewood. Mawu anuwa ndiwasunga mumtima."

"A Crump, mukuvotera yani?"

Crump, wosula zitsulo, anapukuta mafuta a nyama kukamwa. "Pruett!"

"Iwe Crump, si nyama ya a Tandy ukutafunayo?" wina anakuwa.

"Ng'ombeyo ndaivotera kale, ili m'mimba muno!"

Anthu anaseka, Tandy nayenso anaseka. Zotere anali atazizolowera.

Dzuwa litapendeka anaitana Fielding Tandy. Mnyamatayo anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono. Asanafike n'komwe patebulo, bambo ake anali ataimirira kale, chipewa chili pachifuwa, nkhope ikuwala.

"Zikomo, mwana wa..."

"Dikirani, bwana," anatero woyang'anira uja. "Munthuyu sanayankhule."

Anthu anaseka mwachikondi. Tandy sanakhale pansi. Anangoima akumwetulira, kudikira dzina lake.

Fielding anayang'ana nsapato zake.

"Kwezani mawu, a Tandy achichepere. Sitinamve."

"Kaputeni Pruett."

Mayi Dorcas akuti panakhala zii, moti ankamva mafuta akuthetheka pamoto kutsidya la msewu. Pruett anangodzuka theka, nakhalanso pansi osathokoza. Tandy anali chiimire, kumwetulira kuja kutaumira pankhope, chipewa osadziwa kochiika. Kenako Crump anakuwa chakumbuyo:

"Galu wanu yemwe wakulumani, a loya!"

Apo ndiye phwete linaphulika. Ena amene anali asanaganize anatsatira mwanayo. Ankati ngati wa m'nyumba wakana, ife ndife yani? Tandy anagonja. Fielding sanagonenso kwawo, anakakhala kumsasa wa asilikali.

Patapita milungu ingapo asilikali analamulidwa kupita kumpoto. Anasonkhana m'mawa pabwalo lomwelo. Tandy anali m'chipinda chapamwamba kwa Mayi Dorcas, chimene ankachita lendi kuti azikumanirako ndi anthu a milandu. Fielding analowa, mfuti paphewa, naima pansi pa makwerero.

"Mayi Haskew, bambo ali m'mwambamo?"

"Alimo. Kwera, ndi bambo ako."

"Sindingakwere asanandiitane. Kawauzeni chonde."

Mayiwo anakwera. Anapeza Tandy atafulatira khomo.

"Bwana, mwana wanu ali pansipa. Ng'oma ikalira anyamuka."

"Ndilibe mlandu ndi munthu ameneyo. Akadandaule kwa Pruett."

"Aa, bwana, si mlandu uwu. Ndi mwana."

Tandy sanacheuke. Mayiwo anatsika.

"Kawauzeni kuti sindinakane iwo," anatero Fielding. "Ndinakana mfumu."

Mayiwo anakweranso, mawondo akudandaula.

"Akanandiuza kunyumba," anatero Tandy. "Akanandinong'oneza ngakhale panjira. Ndikanakhala pansi, Dorcas. Ndikanangokhala pansi ngati munthu. Koma anandisiya ndiime."

Mayi Dorcas atafikitsa mawuwo, mnyamatayo anagwira nkhope.

"Ndinayesa kangapo. Koma inu mukuwadziwa. A loya akayamba kuyankhula, ndani amalowetsapo mawu? Ndikati 'Bambo', iwo amati 'Taima ndimalize', ndipo samaliza."

"Ndiye kwera ukanene zimenezo wekha! Ine ndine hatchi yanu kodi?"

Fielding anaponda khwerero loyamba. Pomwepo ng'oma inalira panja. Anayang'ana kumwamba, nadikira pang'ono. Mayiwo akuti anamva mpando ukukokedwa m'chipindamo, mapazi akubwera mpaka pachitseko, n'kuima pamenepo. Chitseko sichinatseguke. Wina anaitana dzina la Fielding pabwalo, ndipo anatuluka.

Sanafe ndi chipolopolo. Nthomba inalowa mumsasa nyengo yachisanu, ndipo anamuika m'dzenje limodzi ndi anzake, kumalo kumene palibe wa kuno akudziwa. Uthenga unabwera ndi msilikali wina wopunduka mwendo.

Chaka chotsatira kunali chisankho china. Pruett anali akadali kunkhondo. Akuluakulu a bomalo anapita kwa Tandy kukamupempha kuti aimenso. Anamupeza atawonda, fodya akuolera m'zigafa, akapolo ena atathawira ku zombo za asilikali a mfumu, iye osatuma munthu kuwalondola. Anavomera mosayang'ana munthu kumaso.

Anatulutsanso tebulo. Wopikisana naye anali mnyamata wina wosadziwika bwino.

"A Gatewood, mukuvotera yani?"

"Bwana Tandy. Chifukwa cha Fielding."

Tandy anaimirira, navula chipewa. Wotsatira ananena chimodzimodzi, ndi wotsatiranso. Sanapangane, zinangogwira ngati moto wa m'tchire. Aliyense ankaganiza kuti akumutonthoza. Ndipo mwambo sulola munthu kukhala pansi akatchulidwa, choncho tsiku lonse nkhalambayo inkadzuka n'kukhala, kudzuka n'kukhala, kuthokoza anthu chifukwa cha imfa ya mwana wake. Crump atafika anavula chipewa chake chomwe, chinthu chimene sanachitirepo munthu.

"A loya... chifukwa cha mnyamata uja. Anali mwamuna."

Tandy anagwira tebulo, nadzikoka mpaka kuima.

Anapambana kuposa zaka zonse. Anapita ku Williamsburg, nalumbira kukana mfumu popanda kutsutsa ngakhale liwu limodzi. Anakhala m'nyumba ya malamulo zaka zingapo, koma amene anali naye amati ankangokweza dzanja. Munthu amene kale ankayankhula mpaka anzake kuwodzera.

Madzulo a tsiku la chisankho chachiwiricho, anthu akuvina pabwalo, Tandy analowa kukhitchini kwa Mayi Dorcas, kumene sanapondeko chiyambire. Anaima pafupi ndi moto.

"Dorcas, m'mawa muja... anadya asananyamuke?"

Mayiwo anasiya kusenda mbatata pondiuza zimenezi.

"Ndikananama," anatero. "Mulungu akanandikhululukira. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akufunsa mboni sungamunamize. Ndinamuuza kuti ndinamupatsa chikondamoyo ndi nyama ya nkhumba, koma anangozigwira m'manja, maso ali kumakwerero. Atapita ndinazipeza pabenchi."

Tandy anagwedeza mutu, nathokoza, natuluka kukafuna hatchi yake.