Gawo la Ochedwa

"Ikakwana teni koloko Amiri asanafike, ine ndisayina ndekha," anatero Marwa akuzimitsa galimoto. "Ndaneneratu, Amayi. Musadzati sindinanene."

Mayi Hasina anali kalikiliki kumasula mpango wawo umene unakodwa m'lamba wa pampando. Panali patapita masiku asanu ndi anayi chiikireni m'manda amuna awo, Che Sufiyani, ndipo aka kanali koyamba kuti atuluke m'nyumba yawo ya ku Scarborough, kudziko lakunja kumene anasamukira. Mwa Chisilamu, mkazi wamasiye amayamba wabindikira m'nyumba, koma Shehe anawalola poti inali nkhani ya mapepala.

Nkhani yake inali iyi. Atapuma pantchito yoyendetsa basi, Che Sufiyani anatapa pa ndalama zawo za penshoni n'kukatsegula thumba ku bungwe lina la ku Markham, limene limasungira anthu ndalama zachifundo. Mpamba sukhudzidwa. Bungwe limauyendetsa kuti ubereke, ndipo chaka ndi chaka mwini thumba amasankha kumene phindu lipite. Thumba la Che Sufiyani linkagulira matikiti a basi anthu ongofika kumene m'dzikomo, kuti azitha kukafuna ntchito kapena kupita kuchipatala. Tsopano poti mwini wake anali atapita, pankafunika wolowa m'malo. Pepala la thumbalo linatchula ana onse awiri, Marwa ndi mlongo wake Amiri, koma linalolanso kuti mmodzi akapanda kuoneka, winayo asayine n'kuyendetsa thumbalo yekha.

Ndipo Amiri kusaoneka inali ntchito yake. Mwanayu anayamba kuchedwa asanabadwe, pakuti anapitirira masiku ake ndi milungu iwiri, mayi ake miyendo itatupa. Kusukulu ankafika belu litazizira. Pa ukwati wa Marwa anafika anthu akutsuka mbale. Zonsezo banja linkangoseka. Koma bambo atagwa m'bafa n'kumwalira Lachiwiri m'mawa, maliro n'kuikidwa Lachitatu masana monga mwa Chisilamu, Amiri, amene amagwira ntchito kumigodi ku Alberta, ndege inamusiya. Anafika Lachinayi. Anthu a ku Hamilton anafika, ngakhale a Justin, mnzawo wa malemu wa ku Chipata, Mkhristu woyendera ndodo, anagwirako jeneza, chithatha cha maliro. Mwana wamwamuna yekhayo ndiye panalibe. Apa Marwa sanaseke.

Chibwerereni, Amiri ankadzuka m'mamawa n'kukwera basi kupita kumanda. Leronso anapita, atalonjeza kuti akawapeza ku ofesi.

"Kumanda ndiye akufikako nthawi yabwino tsopano," anatero Marwa akukankha chitseko cha ofesi.

"Pakamwa apo, iwe," anatero mayi ake.

Anawalandira ndi Christine, mayi wamfupi wa imvi, amene ankayang'anira thumba la malemu. Anagwira dzanja la Mayi Hasina ndi manja awiri, mmene Che Sufiyani anamuphunzitsira, n'kunena "pepani" wopindika kwambiri moti Mayi Hasina anamwetulira osafuna.

"Bambo anu ankatizunza ndi mphepo," anatero Christine kwa Marwa m'Chingerezi, akuwakhazika pansi. "Akafika pachitseko paja, akaona munthu akubwera ngakhale ali kutsidya kwa msewu, ankaima atagwira chitseko. Douglas wa pakauntala ankachita kuvala jekete akangowaona."

Marwa anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa teni ndi mphindi zisanu. Mpando wachitatu unali wopanda munthu. Anaikapo chikwama chake n'kutulutsa cholembera.

"Tiyeni tiyambe. Mchimwene wanga sabwera. Ndisayine pati?"

"Apa ndi apa," anatero Christine. "Mukatero dzina lake lichotsedwa, ndipo kulibwezeretsa n'kovuta. Koma musanasayine, pali tsamba lachitatu. Aliyense wolowa m'malo ndiyenera kumufotokozera, chifukwa mwa matumba onse amene timasunga muno, lamulo limeneli lili pa thumba ili lokha."

Anatembenuza pepalalo. Marwa anawerama.

"Thumba lililonse lili ndi tsiku lotsekera mapempho. Bambo anu anakana. Tinalimbana nawo mwezi wathunthu, ine kuwauza kuti popanda tsiku lotsekera ntchito siyenda, iwo kumangondiyang'ana. Mapeto ake tinagwirizana kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lizisungidwa padera, la anthu obweretsa pempho tsiku litadutsa. Ankati munthu wochedwa nthawi zambiri ndi uja ali ndi mwana kumsana, wina kudzanja, Chingerezi sakudziwa, pepala lamusokonekera. Muno timangolitchula kuti gawo la ochedwa."

Marwa anakumbukira ali kamtsikana, atangofika kumene kuchokera ku Mangochi, Loweruka lililonse ankakwera basi ya bambo ake n'kukhala pampando wa kumbuyo kwawo. Nthawi yonyamuka ikakwana, bambo ankayamba ayang'ana pagalasi la m'mbali. Akaona munthu akuthamanga chapatali, dzanja linkachoka pa batani la chitseko. Anthu m'basimo ankang'ung'udza, ena kuloza mawotchi, koma iwo ankangoti, m'Chichewa chenicheni, kwa azungu, Amwenye ndi Matchaina omwe, "Akubwera, akubwera." Kuntchito anawalembera makalata atatu owachenjeza, ndipo anawasunga bwinobwino m'fayelo imodzi ndi satifiketi yawo ya zaka makumi awiri ndi zisanu. Kunyumba zinali chimodzimodzi. Mpunga unkazizira patebulo, Marwa m'mimba mukulira, onse akudikira Amiri.

Kukumbukirako sikunamufewetse mtima. Kunamupsetsa.

"Ndiye ife ofika nthawi yake tinalakwanji?" anatero m'Chichewa, atatembenukira kwa mayi ake. "Kuchipatala ndinkawatengera ndine. Mankhwala ndine. Ambulansi ndinaimbira ndine. Koma ngakhale papepala, Ababa akuyang'anabe pagalasi kufuna Amiri. Ine anandidikirapo liti?"

Christine sanamve mawuwo, koma anamva kulemera kwake. Ananyamuka n'kunena kuti akaone ngati madzi a tiyi awira.

Mayi Hasina anakonza mpango wawo pang'onopang'ono.

"Akanakudikira bwanji munthu uli kale mkati? Iwe unali pampando wa kumbuyo kwawo, mwanawe, kuyambira kalekale. Ankati akamva iwe ukutafuna chingamu kumbuyoko, mtima unkakhala m'malo. Dzina lako papepalapo ndi loyamba, sukuliona?"

Marwa analiona. Linali loyambadi, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zopendekeka zija za bambo ake. Maso anamuyabwa.

"Moyo wawo wonse," anapitiriza mayiwo, "bambo ako ananyamuka kamodzi kokha osadikira munthu. Ndipo si iwo anafuna, ndife tinawanyamula. Mwana uja chikumudya n'chimenecho. Ukuganiza kumanda amakatani tsiku ndi tsiku? Ine sindikuletsa kusayina. Thumbali ungaliyendetse bwino kuposa tonsefe, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma ukasayina wekha, adzakhala atasiyidwa kawiri mlungu umodzi."

"Si mlungu umodzi. Ndi masiku naini."

"Ndiye uwerenge bwino, mwana wa sukulu."

Marwa anaseka mosafuna, kuseka kotulukira m'mphuno, kenaka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ankamukonda mlongo wakeyo, chitsiru chochedwa, ndipo n'chifukwa chake zinkamuwawa chonchi.

Christine anabwera ndi makapu atatu, n'kunena mwaulemu kuti leveni koloko ali ndi anthu ena. Wotchi inali pa hafu pasiti teni. Marwa anayang'ana mzere umene ankayenera kusayinapo. Anatseka cholembera, n'kuchotsa chikwama chake pampando wachitatu uja.

"Muli ndi kapu ina?" anafunsa. "Amathira shuga masupuni atatu."

Anatuluka m'chipindamo, nadutsa pakauntala, n'kukankha chitseko chachikulu cha panja. Mphepo yozizira ya mwezi wa Malichi inalowa ngati yatumidwa, mapepala a pakauntala n'kuyamba kuuluka. Pamalo okwerera basi panalibe munthu. Marwa anatsekereza chitseko ndi phazi, manja atawapinda m'khwapa, n'kuima pomwepo.

Panapita mphindi zingapo. Douglas anakoka jekete lake pampando mwakachetechete, ngati munthu woti zimenezi anazizolowera.

Kenaka basi inatulukira n'kuima pa siteji ya kumtunda, kutali ndithu. Munatsika munthu mmodzi, amene anayang'ana uku ndi uku, n'kuzindikira kuti watsika msanga. Anayamba kuthamanga, jekete lili pululu, nsapato zili matope okhaokha a kumanda, akuterereka m'sinowo wosungunuka.

"Pepani, mayi," anatero Douglas m'Chingerezi, atapanikiza mapepala ndi chigongono. "Kodi chitsekocho chikhala chotsegula nthawi yaitali?"

Marwa sanacheuke. Maso ake anali kumsewu.

"Akubwera," anatero m'Chichewa. "Akubwera."