Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Talato anamenyetsa nsapato ija pansi kachitatu, koma sinayake.

"Menya mwamphamvu," anatero Akissi, mnzake wa khomo loyandikana, ataima pakhomo ndi mpeni wosendera chinangwa. "Mwina magetsi ake agona."

Talato anamenyanso. Inali nsapato ya mwana, ya mtundu uja umathwanima kuchidendene mwana akaponda. Tsiku limene ankaigula ku msika wa Adjamé, zaka zitatu zapitazo, inkathwanima mpaka ana a eni ake kumamulondola. Tsopano inali nsapato wamba yonunkha chuku.

Basi ya kwawo ku Koudougou, m'dziko la Burkina Faso, inali yonyamuka mawa lake m'mawa. N'chifukwa chake anali atasolola chikwama chachikulu cha mizeremizere chimene chinkakhala kunsi kwa bedi, n'kukhuthulira zonse pamkeka. Zaka zake zisanu ndi ziwiri za mu Abidjan zinali pamenepo: chidole choimba ukachisindikiza pamimba, wotchi ya nkhope ya mphaka, kapu yosintha mtundu ukathiramo tiyi, ambulera ya makutu, ndi madiresi asanu ndi limodzi otsatizana misinkhu ngati ana a mimba imodzi. Zonsezi zinali za Wendyam, mwana wake yekhayo. Anamusiya ali ndi zaka zisanu, bambo ake atangoikidwa m'manda, m'manja mwa Pogbi, mlongo wa malemuwo, telala wa pakhonde.

Loweruka lililonse nthochi zake zokazinga zikatha msanga, Talato ankadzera pa tebulo la a Sory, ogulitsa tizinthu tachilendo, n'kugula kamodzi. Anthu a kwawo akamabwerera ankamufunsa ngati ali ndi kanthu koti akamuperekere kumudzi. Ankawapatsa sopo ndi za sukulu, koma chikwama chija ayi. Kwawo katundu wochokera kunja amatulidwa pamapazi pa mwini nyumba, ndipo wogawa amakhala iyeyo. Pogbi anali ndi ana ake anayi. Talato sankafuna kuti chidole chikagwere m'manja mwa wina, kapena kuti Wendyam akagwade kuthokoza Pogbi. Ankafuna akapereke yekha, aone nkhope ya mwanayo. Chaka chilichonse ankati apita chaka cha mawa.

Anasindikiza chidole pamimba. Chinangoti khrrr. Atatsegula kumsana anapeza mabatire atatupa, atatuluka zoyera ngati mchere.

"Nachonso chakalamba," anatero Akissi. Analowa n'kutola diresi laling'ono kwambiri ndi zala ziwiri. "Ili ndi la chidolecho?"

"Ndi la Wendyam."

"Wendyam wa chaka chiti?"

Talato anatola chingwe chofiira chimene chinali pakati pa madiresi. Chinali ndi mfundo ziwiri, ina ya kuchidendene, ina ya kuchala chachikulu. Kwawo nsapato amaitanitsa choncho. Chingwecho chinabwera ndi mayi wina wa kwawo chaka chimene anagula nsapato zothwanimazo.

"Iwe mzimayi," anatero Akissi, "phazi limadikira munthu?"

"Usandiseke lero, Akissi. Chonde."

Akissi anaika diresi pansi. Nkhani yonse ankaidziwa. Wendyam anali atakhoza mayeso omaliza a pulayimale, ndipo Talato anali atamupezera kale malo kusekondale ya pafupi ndi pomwe ankagulitsira nthochi. Koma Pogbi pafoni anangoti, "Mlamu, mwanayu wakula. Bwera udzamufunse wekha. Akati apita, apita. Akati atsala, usadzandifunsenso." Talato akanatha kukakhala kwawo masiku atatu okha. Akapitirira pamenepo, malo ake a m'mbali mwa msewu akanawapeza ali ndi mwini wina.

"Ndiye wakwiyira nsapato?" anafunsa Akissi.

Talato anatulutsa foni. "Tamvera izi. Zabwera m'mawa uno."

Mawu amene anatuluka mufoni sanali a mwana. Anali odekha, okhuthala pang'ono, a munthu wodziwa kulankhula ndi alendo.

"Mayi a ku Abidjan, mwadzuka bwanji? Ndine Wendyam. Akuti mukubwera. Ine musandigulire kanthu, zonse ndili nazo. Koma amayi anga maso akuwavuta. Ngati kumeneko kuli magalasi, muwagulireko. Zikomo. Muyende bwino."

Akissi anayang'ana mpeni wake.

"Ndi waulemu," anatero kenaka.

"Wamva? 'Amayi anga.' Ine ndine 'a ku Abidjan', ngati dzina lolemba pabasi." Talato anayamba kubwezera zinthu m'chikwama mwaphuma. "Ndikupita kwa a Sory. Akonze zimenezi. Andipatsenso china, chachikulu, choti mtsikana aliyense wa ku Koudougou akachiona asagone."

"Nanga magalasi?"

"Agule okha. Anditengere mwana, ine ndikawathokozenso ndi mphatso?"

Anasenza chikwama n'kutuluka osatseka chitseko.

Dzuwa linali paliwombo pamene anafika ku Adjamé. Anadzipanikiza pakati pa mawilibala ndi ogulitsa madzi mpaka anaona ambulera yobiriwira ya a Sory. Anali mkulu wa ku Guinea, wa ndevu zoyera zochepa, amene nayenso ankati abwerera kwawo chaka cha mawa kuyambira Talato asanabadwe.

"Mayi wa Loweruka!" anafuula. "Lero ndi Lachinayi. Kwagwanji?"

Talato anatula chikwama n'kuika nsapato patebulo. "Zasiya kuyaka."

A Sory anatembenuza imodzi, naigogoda ndi chikhadabo. "Batire yake anaimatira m'kati mwa chidendene, mwana wanga. Ikafa yafa. Zimenezi amapangira kuti mwana avale chaka chimodzi, athamange, zing'ambike. Sapangira kunsi kwa bedi."

"Ndipatseni zina."

Anawapatsa chingwe. A Sory anachitambasula patebulo, nachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chinkafunikira.

"Mwini phazili ali ndi zaka zingati lero?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Ndiye musayese ndi chingwe. Yesani ndi phazi lanulo."

Talato anayang'ana mapazi ake m'mapatapata, a fumbi, a zipsera za mafuta otentha.

"Chabwino, nsapato zisiyeni. Muli ndi chiyani chatsopano?"

Apa a Sory anali pakwawo. Anamuonetsa tochi yojambula nyenyezi kudenga, kalilole woyaka m'mbali, botolo lolira likafuna kuti umwe madzi, cholembera chimene inki yake imazimiririka yokha. Chilichonse ankachiyatsa, kuchizimitsa, kuchiyamikira ngati mkwatibwi. Talato ankagwira ichi, kusiya, kugwira icho.

"Chiti chimene mtsikana angachikonde?"

"Zimatengera mtsikanayo. Wanuyo amakonda chiyani?"

Talato anatsegula pakamwa. Wendyam ankakonda kunyambita mkaka wa m'chitini. Ankaopa atambala. Ankagona atagwira khutu la mayi ake. Zonsezi zinali za mwana wa zaka zisanu, ndipo kupitirira pamenepo kunalibe kanthu. Ngakhale mtundu wa nsalu umene amaukonda sankaudziwa.

Anakhala pachikwama chake, pakati pa njira. Mayi wina wosenza beseni la nsomba anamutukwana n'kumulambalala.

"Ndipatseni chilichonse, bambo," anatero. "Zonsezo mangani. Ndili ndi masiku atatu okha. Akati atsala, basi, ndilibe mwana. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikupsa manja kuno, ndipo ndikukafika ndi chidole chosalankhula. Ndikamupatsa chiyani? Ndikamuuza kuti ndine ndani?"

A Sory anazimitsa tochi ya nyenyezi. Anasolola kampando kunsi kwa tebulo.

"Chokani panjira, angakupondeni. Khalani apa. Iye mwini wapempha chiyani?"

Talato anawapatsa foni. A Sory anaiika pakhutu lawo labwino, namvera kawiri.

"Amayi akewa..." Anaona nkhope ya Talato. "Mlamu wanuyu amagwira ntchito yanji?"

"Ndi telala."

"Telala wosaona bowo la singano. Ndiye ulusi amamulowetsera ndani?"

Talato anati ayankhe kuti sakudziwa, koma ankadziwa. Nthawi zonse akaimba foni, asanathe n'komwe kufunsa za sukulu, mawu a Pogbi ankamveka chapatali: "Wendyam, tabwera undilowetsere ulusi!" Ndipo mwanayo ankati, "Pepani, akundiitana." Zaka ziwiri zonse Talato ankati Pogbi amachitira dala kuti amulande foni.

"Ndi Wendyam," anatero motsitsa.

"Ehe. Maso a mlamu wanu ndi mwanayo. Tsono ine ndikudabwa. Ngati maso akutsala pakhomo, magalasi ndi a chiyani?"

Talato anawagwira mkono. "Mukuti akufuna kubwera?"

"Sindinatero. Ine ndimagulitsa matochi, sindiombeza ula. Mwina ndi chifundo chabe. Koma mwana wapempha chinthu chimodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo inu mwabwera kudzagula botolo lolira."

Anatembenuka n'kutulutsa katoni ya magalasi owerengera. Lililonse linali ndi nambala pakona.

"Nambala yawo ndi iti?"

"Sindikudziwa."

"Imbani mufunse."

Foni ya kumudzi inali ya Pogbi. Talato anaiyang'ana nambalayo ngati mankhwala owawa, kenaka anaimba. Inaitana kasanu.

"Halo? Amayi ali pamakina." Anali mawu aja.

"Wendyam, ndine... ndine wa ku Abidjan. Ndili pogula magalasi. Akufunsa nambala."

"Mwapitadi?"

"Ndapita."

"Nambala sitikuidziwa. Sanayezetsepo."

"Mufunseni kuti singano amaitalikitsa bwanji akamaiyang'ana," anatero a Sory.

Talato anafunsa.

"Mpaka mkono wonse," anatero Wendyam. "Mkono ukatha amayamba kuitukwana singanoyo, akuti za masiku ano amapanga zopanda mabowo."

Talato anaseka asanaganize. Kumbali inayo mwanayo anasekanso, kuseka kokokera mpweya m'kati, ndendende bambo ake. Talato anatseka pakamwa ndi dzanja.

A Sory anasankha magalasi awiri a manambala otsatizana. Pamwamba pake anaikapo kachitsulo kakang'ono ngati khobidi, kokhala ndi kawaya kopyapyala kolowetsera ulusi m'singano. Kameneka sikankafuna batire.

"Ndapeza," anatero Talato. "Awiri. Akayese okha."

"Zikomo kwambiri. Ndidzakudikirani pamsewu." Mwanayo anazengereza. "Koma ndidzakudziwani bwanji? Chithunzi chanu chinanyowa ndi mvula."

Funso lake la iye mwini linali litafika pakhosi: kodi ubwera nane? Talato analimeza. Maso ake anagwera patebulo.

"Ukukumbukira chingwe chofiira chimene munatumiza? Cha nsapato?"

"Ee. Mfundo zake ndinamanga ndekha. Ndinadikira nsapatozo mpaka Khirisimasi."

Talato anatsinzina.

"Ndidzachimanga pamkono," anatero. "Wakumanja."

"Chabwino. Pepani, akundiitana."

Pobwerera anadzera kwa ogulitsa nsalu. Anagula nsalu yathunthu yosadula, ya buluu, ndi ina yobiriwira poopa kuti mwina buluu saukonda. Pogbi ndiye akamuyeza mwanayo, atavala magalasi atsopanowo.

Kunyumba anatula chikwama cha mizeremizere pakhomo pa Akissi.

"Ugawire ana a m'bwalo muno. Diresi laling'onolo limukwana mdzukulu wako."

"Zonsezi? Wapenga?"

"Nsapato zokhazo utaye."

Akissi anamuyang'ana, nayang'ana chingwe chofiira chimene chinali kale pamkono pake, kenaka anakokera chikwamacho m'nyumba mwake.

M'mawa mwake pamalo okwerera basi panali milu ya katundu: mafiriji, njinga, matumba a mpunga, mawailesi m'makatoni awo. Kondakitala anafika pa Talato ndi choko cholembera katundu.

"Wanu ali kuti, mayi?"

"Ndi yemweyu."

"Kachikwama kameneka? Mwakhala zaka zingati kuno?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Kwanu akakusekani."

"Akaseke."

Anapita pawindo la matikiti. Mayi wogulitsa anamuuza kuti sabata ino basi zobwerera zikudzaza msanga, ndi bwino agulirepo mpando wobwerera pompano.

"Mipando ingati?" anafunsa, cholembera chili m'mwamba.

Talato anayang'ana chingwe cha pamkono pake mpaka a kumbuyo anayamba kung'ung'udza.

"Mpando wopita wokha," anatero. "Wobwerera ndikagula konko."

Anakhala pafupi ndi windo, kachikwama kali pamiyendo kuti magalasi asaphwanyike. Basi italiza injini anaona kuti chingwe chayamba kumasuka. Anachikoka ndi mano mpaka chinaluma khungu.