Anthu a Pamisomali

Mchimwene wanga atakwatira n'kutuluka m'nyumba, amayi sanadikire kuti bedi lake lizizire. Anandiitana kuti tidzasandutse chipinda chake chija kukhala chosokeramo. Ndinavomera msanga, chifukwa ine ndinakulira m'nyumba imene munthu sukhala pampando usanapapasepo. Makina osokera ankakhala pabalaza, nsalu kunsi kwa bedi, mabatani m'makapu, ndipo singano zinkakhala paliponse pamene munthu angaponde wopanda nsapato.

Ndinapita ndi nyundo, misomali ndi mabotolo opanda kanthu, ndili ndi matama a mwana amene akukaphunzitsa make dongosolo. Makina tinawaika pazenera kuti kuwala kuzigwera pasingano. Tebulo lodulirapo nsalu tinaligunditsa kukhoma, ulusi ndinauveka pamisomali ing'onoing'ono potsata mitundu, mabatani ndi mazipi zinalowa m'mabotolo. Tinakangana pa zidutswa za nsalu. Ine ndinati n'zinyalala, amayi anati m'menemo ndi mmene mumachokera zidole za adzukulu, timatumba ndi zogwirira mapoto zimene amapatsa aliyense wobwera kudzacheza, wafuna kaya sanafune. Anapambana ndi iwo, monga mwa masiku onse.

Bambo ankationerera ataima pakhomo. Anagwira ntchito yoyendetsa mabasi mpaka kupuma, choncho amayi amawatchula kuti Adalaivala, iwo n'kumabwezera kuti Atelala. Chikwatirire bambo sanavalepo shati ya m'sitolo. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikamayamba, amayi amawasokera yatsopano n'kuikulunga m'pepala ngati yochokera kutali, ndipo bambo amachita kudabwa ngati sanamve makina akulira.

Koma chaka chimenecho bambo sanali bwino. Chakudya ankangochigwiragwira, akayenda pang'ono ankafuna pokhala. Ana tonse tinali titawadandaulira kuti apite kuchipatala, koma yankho lawo linali limodzi. Ankalowetsa chala m'chiuno mwa thalauzi, n'kugwiranso kolala, n'kunena kuti munthu wodwala zovala zimamuthawa, pamene zawo zinali kuwagwira ngati kale. Tikayang'ana tinkaona kuti n'zoona, zinkawakhala bwino kwambiri. Tsiku limenelo anayesa kundigwirira shelefu, inawapulumuka m'manja, ananamizira kuti thabwa ndi loterera n'kupita kukakhala pakhonde. Mumtima ndinali ndi chinthu chimodzi chokha, kuti munthuyu akaonane ndi dokotala nthawi isanathe.

Chomaliza kulongosola chinali thumba la mapatani. Amayi salemba miyeso ya anthu. Akamuyeza munthu amadula thupi lake pakatoni, kutsogolo, kumsana, mkono ndi kolala, n'kuboola zonse pakona n'kuzimanga ndi chingwe. Munthu akanenepa kapena akawonda amadula zina, koma zakale sataya. Salembapo dzina, amangoyang'ana phewa n'kudziwa mwini wake. Ndinakhoma mzere wa misomali khoma lonse, ndikatulutsa mtolo amayi n'kumatchula: uyu ndi mlamu wako, uyu ndi mayi wa pagolosale, uyu ndiwe usanabereke.

Ena mwa amene ankawatchulawo anali anthu amene tinawaika kalekale. Panali agogo aamuna, panali mwana wa aneba amene anagundidwa ndi galimoto, panalinso mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene anamwalira ine ndili kusekondale. Ndinati a anthu akufawo tingowotcha kuti malo apezeke. Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Sadya, salankhula, akukulanda chiyani? Apachike pamodzi ndi anzawo."

Ndinawapachika. Amayi anatuluka kukagula ulusi wabuluu, ine n'kutsala ndekha. Mphepo ikalowa pazenera makatoni aja ankatembenuka pang'onopang'ono n'kumakhudzana, kwasa kwasa, ngati anthu amene aima pamzere akusinthana mwendo. Si ine wamantha, koma ndinapezeka ndikugwira ntchito nkhope italoza kwa iwo, msana sindinafune kuwapatsa.

Mitolo ya mayi aang'ono inalipo yambiri, ndiye ndinaiyala patebulo kuti ndiisanje, waukulu pansi. Uliwonse unkachepa pa unzake ndi m'lifupi mwa chala. Nditamaliza, m'mbali mwake munaoneka ngati masitepe, ndipo wapamwamba penipeni unali ngati wa mtsikana wa kupulayimale. Ndinakumbukira mmene mayi aja ankatchenera mpaka sabata imene anagwa m'bafa. Pamaliro pawo anthu ankangoti imfa yake ndi yodzidzimutsa, munthu sankaoneka wodwala.

Sindikudziwa chimene chinandituma, koma ndinatsitsa ya bambo n'kuisanja chimodzimodzi. Masitepe omwe aja anatuluka. Katoni ya pamwamba inali yatsopano, ikununkhirabe sopo amene anabweramo, ndipo phewa lake ndinaliphimba ndi chikhatho changa.

Ndinalowa kuchipinda kwawo, kumene sindilowako chisawawa, n'kutsegula wadiropu. Thalauzi iliyonse inali yobwezedwa kumbuyo, msoko pamwamba pa msoko, yositidwa bwino kuti pasaoneke. Makolala anali omasulidwa n'kudulidwa, m'mapewa mwa jekete munali mosanjikizidwa thonje. Chimene chinandimaliza ndi lamba. Amayi ankamudula kumutu, kumene kuli chitsulo, n'kumusokanso, kuti bambo akamamanga azilowetsa pabowo lomwe lija lakuda limene akhala akumangapo zaka zonsezi.

Amayi atabwera anandipeza nditakhala pansi m'chipinda chosokeramo, lamba ali pamiyendo. Anatseka chitseko, anaika ulusi pamsomali wake, kenako anakhala pampando wa makina n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu. Anati tsiku lina bambo anavala thalauzi n'kuona kuti ikutsika yokha, ndipo tsiku lonse sanalankhule, sanadye. Iwo anaibweza bambo ali kosamba, mawa lake munthu anadzuka akuimba mluzu. Kuyambira pamenepo dzanja linazolowera. Anati telala sangaone chovala chikulendewera pa munthu wake n'kungokhala, zala zimayabwa zokha. Za mng'ono wawo anati anachita kuwapempha yekha kuti anthu asamamuloze, ndipo iwo anamuveka bwino mpaka tsiku lomaliza. Ananena zimenezi monyadira, koma maso ali kukhoma kumene kunali msomali wake.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinawamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi.

"Amayi, umboni umene bambo amatitsekera nawo pakamwa uja mukusoka ndinu."

"Ndiye ukufuna aziyenda ngati choopsezera mbalame? Bambo ako ndimawadziwa ine. Akadziona atha mphamvu, agona osadzukanso."

"Nanga mayi aang'ono anadzuka?"

Mawuwo anali akuthwa, ndinadziwa atangotuluka. Amayi anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta makina amene tinali titapukuta kale. Kunja bambo ankatsokomola, kenako anafuula kufunsa ngati Atelala asamukira konko kapena abweranso kwa amuna awo. Palibe anaseka.

M'mawa mwake ndinapeza amayi ali kale patebulo lodulira. Nsalu ya shati ya chaka chimenecho, yabuluu wa timizere toyera, inali itajambulidwa kale ndi choko potsata katoni yonunkhira sopo ija. Anaima nthawi yaitali sizasi ili m'manja. Kenako anaika sizasi pansi, ananyowetsa kansalu n'kufufuta choko chonse. Anapita pamsomali wa bambo, anadutsa mitolo ya pamwamba n'kutulutsa wa chaka chimene anapuma ntchito, m'mbali mwake mutafewa ndi kugwiridwa. Pojambula anachita kusuntha makatoniwo uku ndi uku kuti nsalu ikwane.

Chimenecho ndicho chovala choyamba kusokedwa m'chipinda chatsopanocho. Amayi amasoka ngati akuthamangitsidwa, koma tsiku limenelo makina ankalira pang'ono n'kuima, kulira n'kuima. Pa msoko wa m'mbali ndinaona phazi lawo litachoka pachopondera, zala zikukankhira nsalu m'kati mwa chizolowezi kuti shati ichepe pang'ono. Anazigwira ndi dzanja linalo n'kubwezera nsalu pamzere wa choko. Ine ndinapatsidwa ntchito ya mabatani, ndipo anandiuza kuti la pakhosi ndiike pamene pali kadontho, ndisasunthe ngakhale pang'ono. Zenera linali lotsegula, ndipo tsiku lonse makatoni aja ankangotembenuka kumbuyo kwathu.

Chakumadzulo anaisita, anaipinda, anaikulunga m'pepala monga amachitira, n'kundituma kukaitana bambo. Anabwera akukoka mapazi koma nthabwala zili pakamwa, akuti kodi muofesi ya Atelala amalowa ndi nsapato. Anamasula pepala, anadabwa monga amadabwira chaka chilichonse, anayamikira timizere. Anavula shati imene anavala, ndipo ine ndinayang'ana kumbali, koma ndinali nditaona kale nthiti.

Yatsopanoyo inawameza. Mapewa anatsikira pakati pa mkono, manja a shatiyo anabisa zala, ndipo atamanga batani la pakhosi panatsala malo olowa chibakera. Bambo anaseka, anatambasula manja kuti tione.

"Atelala, ukalamba wafika m'maso. Mwasokera ine kapena mwasokera basi yonse?"

"Ndi muyeso wanu, Adalaivala," anatero amayi. "Wa chaka chimene munapuma ntchito. Sindinawonjezere ngakhale chala."

Bambo anati zimenezo n'zosatheka, ndipo dzanja linapita lokha m'chiuno mwa thalauzi. Amayi anawauza zonse ali chiimire, za misoko, za thonje, za lamba. Sanapepese ndipo sanadzitchinjirize, anangotchula chimodzichimodzi ngati akuuza kasitomala zimene zakonzedwa pa chovala chake. Mawu anawathera pa lamba.

Bambo anatembenukira kugalasi lalitali loyezera anthu zovala, n'kuima pamenepo. Anagwira nsalu ya pamimba, anaikokera kutsogolo mpaka inatha, n'kuyang'ana m'kati mwa mpata umene unatsalawo. Anaisiya, anaikokanso. Nkhope imene ndinaiona m'galasimo inali ya munthu amene wakumana ndi mnzake amene anamva kuti anamwalira. Ndinachita mantha kuti mwina amayi ananena zoona, kuti munthuyu tamuthyola ndi manja athu.

Amayi sanathe kupirira. Anatapa mapini m'botolo, anawaluma pamilomo, n'kufika kumbuyo kwa bambo. Anatsina nsalu ya paphewa n'kuyamba kuipinda, akulankhula cha m'mano kuti si nkhani yaikulu, aibweza pompano, pofika mawa ikhala bwino.

Bambo anagwira dzanja lawo paphewa pomwepo, maso akadali pagalasi.

"Isiyeni, Atelala. Mawa ndivala yomweyi. Adokotala akandifunsa kuti zinayamba bwanji, ine sinditha kufotokoza. Akaone okha pamene ndachokera."

Amayi anakhala choncho kanthawi, dzanja lili m'dzanja la amuna awo. Kenako analavulira mapini aja m'chikhatho, anagwada, n'kuyamba kupinda manja a shati kuti zala za bambo zituluke.